Mwala wa Sikelo Umene Unanenepa

Mukafika ku Old Town n'kufunsa za a Mukhtar a masikelo, palibe angakufunseni kuti a Mukhtar ake ati. Akulozerani kakhonde kena kuseri kwa msika wa Lilongwe, pakati pa telala ndi munthu wowotcherera mageti, ndipo ngati ali wachifundo akuchenjezani kuti mukafika musakayambe ndi kuwauza chimene chawonongeka. Mwamuna ameneyu sauzidwa. Inu ikani sikelo yanu patebulo, perekani moni, khalani chete. Mukangoti, "Ndikuganiza kuti ndi batire," akuyang'anani pamwamba pa magalasi n'kukufunsani kuti ngati mukudziwa kale mwavutikiranji kubwera.

Anabadwira komweko, m'kanyumba ka kumunsi kwa mzikiti. Bambo awo anachokera ku Machinga ndi nyundo ndi lumo lodulira malata, nakhazikika pa ntchito yopanga ndowa ndi mbaula. Mukhtar phokoso la malata silinamusangalatse. Atalekeza sukulu ali Fomu 2 analowa ntchito pa sitolo ya mmwenye wina wogulitsa misomali ndi utoto, ndipo ntchito yake inali kusesa ndi kupukuta masikelo. Popukutapo ankasuzumira m'kati. Tsiku lina bwana anamupeza ataphwasula sikelo yaikulu ya misomali, zitsulo zili mbwee pansi, ndipo anamuuza kuti ikapanda kubwerera m'chimake dzuwa lisanalowe, asadzaonekenso. Inabwerera, ndipo inayamba kuyeza bwino kuposa kale.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unali masikelo basi. A mabutchala, ogula soya ndi mtedza, a magolosale, onse ankadziwa kolowera sikelo ikayamba misala. Anagula miyala yawo ya mkuwa yoyesera, ya kilo imodzi, ya makilo awiri, ya makilo asanu, ndipo ankaisunga m'bokosi lamatabwa ngati mazira.

Kenako kunabwera masikelo a manambala, aja oyaka pa kagalasi. Ha! Anzawo a ntchitoyi anatha ngati nthabwala. Wina anayamba kugulitsa kaunjika, wina anabwerera kumudzi kukalima fodya. A Mukhtar anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, maso atayamba kale kuchita chidima, koma anakana kutheratu. Anagula magalasi pamsika, n'kuyamba kutolera masikelo akufa amene anthu ankataya, n'kumawatsegula imodzi imodzi.

M'katimo anapeza zinthu ziwiri zenizeni, zina zonse ndi zokometsera. Choyamba ndi kachitsulo kotchedwa lodiselo, kamene kakalemedwa kamapindika pang'ono kwambiri moti diso silingaone, ndipo kakapindika kamatulutsa timagetsi tochepetsetsa. Chachiwiri ndi kachipu kakuda, kochepa kuposa njere ya chimanga, kamene amisiri amakatcha ADC. Ntchito yake ndi kumvetsera timagetsi tija n'kutisandutsa nambala. Kuti amvetse kachipu kameneka, a Mukhtar ankayenda wapansi kupita ku City Centre kukasindikiza mapepala ake pa intaneti, Chingerezi chake cha mainjiniya chosalowa m'mutu, n'kumawerenga ndi dikishonale pambali akachoka ku swala, pemphero la masana la ku mzikiti. Zinawatengera zaka ziwiri. Telala woyandikana nawo ankawaseka kuti nkhalamba yabwerera ku Fomu 2.

Anaphunzira kuti kachipu kameneka sikachedwa kusokonezeka. Mawaya ake akatalika, kamatola phokoso la makina owotcherera a pakhomo loyandikana, manambala n'kumavina okha. Kamafuna kachida kokhazikitsa magetsi kotchedwa kapasita pafupi penipeni ndi miyendo yake. Mawaya opyapyala ochokera ku lodiselo amafunika kupotedwa pamodzi ndi kudutsa kutali ndi a kagalasi. Zonsezi anazidziwa ndi zala zopsa ndi mtovu. Pofika zaka makumi asanu anali atasiya kungokonza, akupanga mabolodi awoawo, timatabwa tolumikizirapo tizida ta m'kati mwa sikelo, ndipo sikelo yotuluka m'manja mwawo sinkabwerera. Kunyada kwawo kunachokera pamenepo. Tisawanamizire, luso analidi nalo. Koma luso likakhala ndi munthu wosauzidwa, limamupweteka tsiku limodzi lokha, ndipo tsikulo limakwana.

Akazi awo anamwalira kalekale, kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Tausi. Mtsikanayu atakula anakwatiwa ndi Paxton, mnyamata wachikhristu, ndipo a Mukhtar anang'ung'udza miyezi isanu ndi umodzi kenako anatopa okha. Paxton atapita ku Joni kukagwira ntchito, Tausi anatsala ndi apongozi ake, mayi Efelo, ku Area 47. Mayi Efelo anagwira ntchito yaulembi ku Capital Hill zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amayankhula ngati akuwerenga kalata yaboma. Asewere awiriwa akakumana ankapatsana ulemu wonse, moni wogwira pamkono, kufunsana za kuthamanga kwa magazi. Akasiyana, aliyense ankapukusa mutu.

Chaka chimenecho, kumapeto kwa Meyi kuzizira kutangoyamba, Tausi anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Kanabadwa kamtsikana, Suhaila, kolemera kilo imodzi ndi theka. Anakhala m'chipatala milungu itatu, ndipo zimene Tausi anaona m'menemo sanazifotokozere munthu bwinobwino. Anangouza bambo ake kuti amayi atatu amene anagona naye moyandikana anatuluka atapinda zitenje zawo m'manja, kumsana kulibe kanthu. Mwana atafika magalamu 1,800 anawatulutsa Lolemba lina. Anamwino anati amusunge pachifuwa usana ndi usiku, amuyamwitse maola awiri aliwonse, ndipo Lolemba lotsatira abwere naye kusikelo. Akadzapezeka kuti sakukwera, adzagonekedwanso.

Mawu otsirizawo ndi amene anamukhala Tausi pamtima. Tsiku lotsatira lomwelo anaimbira bambo ake akulira.

"Ababa, amayi kuno akuti mwana sakuyamwa bwino, akuti akungogona. Akuti tibwerere kuchipatala. Ine kumene kuja sindibwererako, Ababa. Ndikalowanso m'mene muja ndituluka ndekha."

A Mukhtar mtima unawawawa. Mwana wawo mmodzi yekhayo akulira, ndipo womuliza ndi mayi uja wa ku Capital Hill!

"Pukuta misozi, iwe Tausi," anatero. "Maso a apongozi ako si sikelo. Ndipatse masiku awiri."

Anakankhira pambali ntchito zonse za anthu. Sikelo ya pamsika sikanathandiza, chifukwa imalumpha magalamu makumi asanu nthawi imodzi, pamene kamwana kotere kamakwera magalamu makumi awiri okha pa tsiku. Panafunika sikelo yomva ngakhale magalamu asanu. Anatenga lodiselo yabwino ya sikelo ya ophika buledi, kachipu katsopano kamene ankasungira tsiku lalikulu, ndi beseni lapulasitiki losalala. Anakonza zoti kachipu kaziwerenga kambirimbiri n'kutenga nambala ya pakati, kuti mwana akamagwedeza miyendo manambala asamavine. Magetsi a pakhoma anawakana. Amathimathima, amabwera ndi phokoso, komanso ndani angaike mdzukulu wake wosakwana masiku pa chinthu cholumikizidwa kukhoma? Anaikamo batire la mu laputopu.

Tsono apa mvetserani bwino. Kachipu kaja sikadziwa kilo, sikadziwa galamu. Kamangofanizira timagetsi ta lodiselo ndi magetsi ena amene mmisiri wakapatsa kuti akhale muyeso wake, monga telala afanizira nsalu ndi tepi. A Mukhtar anadyetsa lodiselo kudzera pa regyuleta, kachida kosunga magetsi pamlingo umodzi. Koma muyeso wa kachipu anautenga ku batire mwachindunji, podutsa pa marezisita awiri, tizida tochepetsa mphamvu ya magetsi. Ndi mmene ankapangira mabolodi awo onse, ndipo sizinawavutepo, chifukwa mabolodi onsewo ankadya kukhoma kudzera pa adaputa yosasinthasintha. Dzanja linangochita chimene linazolowera. Monga mwa chizolowezi chawo anapanga masikelo awiri ofanana, ina yopereka, ina yotsala pa ntchito.

Lachinayi m'mawa anatsika minibasi ndi katundu wawo, n'kuyenda m'misewu ya Area 47 ya mipanda italiitali ija, agalu akuwauwa kuseri kwa mageti. Mayi Efelo anawalandira pakhonde, ndipo pakhonde pomwepo ndi pamene ulendo wawo unathera. Bambo salowa kuchipinda kwa mwana wake wamkazi, lamulo limenelo ngakhale a Mukhtar sakanalitsutsa. Komanso khanda losakwana masiku silionedwa ndi aliyense wochokera kunja ndi fumbi la m'tauni, ndipo pa mfundo imeneyi mwambo wa kwa mayi Efelo, mwambo wa kwa a Mukhtar ndi malangizo a anamwino zinagwirizana. Mdzukulu wawoyo anali asanamugwirepo. Ankamudziwa pa chithunzi cha pafoni.

Anaika sikelo pakhonde, n'kutulutsa mwala wawo wa mkuwa wa makilo awiri. Kagalasi kanalemba 2,000, osaphonya ngakhale galamu imodzi.

"Mwalawu ulowe nawo, asewere," anatero a Mukhtar. "Muziyamba mwayesa uwu musanaike mwana."

Mayi Efelo anauyang'ana mwalawo ngati chinthu chotola kudzala. "Umenewu? Umene wakhala ukugona m'mabutchala a tauni yonse ino? Pepani asewere, m'chipinda cha mwana sulowa. Sikelo yokhayi ndiipukuta ndi sipiriti."

A Mukhtar sanalimbikire. Akanalimbikira bwanji, iwo eni akukhulupirira kuti sikelo yawo sifunika woiyang'anira? Anangoti asamaizimitse, chifukwa ikangoyatsidwa kumene imatenga kanthawi kuti ikhazikike, ndipo mwana azimuyeza m'mawa uliwonse asanayamwe, pa kansalu kamodzi komweko. Patapita kanthawi mawu a Tausi anamveka pawindo: "1,790, Ababa!"

Lachisanu uthenga unabwera pafoni: 1,815. Loweruka 1,840. Lamulungu 1,865. A Mukhtar ankalemba manambalawo ndi choko pa chitseko cha shopu, ndipo aliyense wobwera ndi sikelo yake ankayamba wamva kaye za mdzukulu. Telala anafika potopa nazo.

Lolemba, tsiku la kusikelo, foni inalira m'mawa. Anali mayi Efelo, ndipo kumbuyo kwawo kunkamveka Tausi akusisima.

"Asewere, ndapeza galimoto ili panja apa, koma mwana wanu akukana kutuluka. Muuzeni ndinu."

"Lero yalemba bwanji?"

"Yalemba 1,890. Koma ine nambala imeneyo sindikuiona pa mwanayu."

"Asewere, kunja kukuzizira chonchi, mukaime pamzere ndi anthu a chifuwa, kuti akakuuzeni chimene mukuchidziwa kale? Magalamu zana m'masiku anayi! Nambala sinama."

"Ine ndalera ana asanu," anatero mayi Efelo. "Mwana woyamwa bwino timamudziwira ku matewera. Uyu matewera ake akukhala ouma mpaka masana. Kulira kwake kukuchepa. Ndikukuuzani, mwanayu akufota."

Apa a Mukhtar anaseka. Anasekadi, munthu wamkulu ndi ndevu zake zoyera, kuseka mayi amene ankagona m'chipinda chimodzi ndi mwanayo. "Matewera si sikelo, asewere. Bwezani galimotoyo."

Galimoto inabwerera yopanda munthu. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, koma mwambi umakoma ukamanena za wina.

Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi manambala anapitiriza kukwera. Lachisanu m'mawa uthenga unati 1,960, ndipo Tausi anawonjezera kuti mwana masiku ano ndi wofatsa, savuta n'komwe. A Mukhtar analemba pachitseko, n'kuyamba kusesa patebulo kuti apeze malo oika sikelo ya munthu wina wa chigayo. Kumapeto kwa tebulo kunali nsanza yophimba sikelo yachiwiri ija, imene anaisiya yoyaka kuyambira tsiku lomwe anapereka inzake, mwala wa makilo awiri uli pamwamba. Anavundukula nsanzayo.

Kagalasi kanali kakulemba 2,280.

Anachotsa magalasi, kuwapukuta, kuvalanso. 2,280. Anachotsa mwala, sikelo inati ziro, mwaulemu wake wonse. Anaubwezera, 2,280. Anatenga mwalawo n'kuuika pa sikelo yakale ya mbale ziwiri, mbali inayo miyala iwiri ya kilo imodzi imodzi. Mbale zinaima ndendende.

"Telala," anaitana. "Kodi mkuwa umanenepa?"

Telala anasuzumira, tepi ili m'khosi. "Mwayamba liti nthabwala, a Mukhtar?"

A Mukhtar anatenga mita yoyezera magetsi n'kugunditsa pa batire. Tsiku loyamba linali pa 4.2, tsopano linali litatsika kufika pa 3.7. Anatsatira waya ndi nsonga ya pensulo, kuchoka pa batire, kudutsa pa marezisita awiri aja, kukafika pa mwendo wa kachipu. Pensulo inaima pamenepo. Batire likamatsika, muyeso wa kachipu unkatsika nalo, pamene lodiselo inali phee pa regyuleta yake. Tepi inkafupika tsiku ndi tsiku, ndiye nsalu yomweyo inkaoneka yotalika. Ndipo popeza sikelo yopanda kanthu inkanenabe ziro, palibe akanaikayikira.

Anatembenuza katoni ya sopo n'kuwerengera kuseri kwake. Ngati makilo awiri akuoneka 2,280, ndiye 1,960 ndi chiyani? Anawerengera kawiri. Kachitatu pensulo inathyoka. Yankho linali lomwelo, 1,720. Mwana sanakwere ngakhale tsiku limodzi. Masiku asanu ndi atatu onsewa wakhala akutsika, iwo ali kalikiliki kulemba pachitseko ndi choko. Kufatsa kumene Tausi ankakuyamikira kunali kufooka.

Thukuta linawatuluka m'mwezi wa Juni. Mantha anawagwira. Ndipo tinene zoona, maganizo oipa anawafikira. Akanatha kukonza sikelo iyi mwakachetechete, kukasinthanitsa ndi inzake ponamizira kuti akukaipukuta, mawa lake nambala n'kutsika yokha, mayi Efelo n'kutenga mwana kupita naye kuchipatala, dzina la a Mukhtar a masikelo lili bwinobwino. Maganizo amenewo anakhala nawo kanthawi kochepa kokwana kumeza malovu. Mawa? Kamwana ka magalamu 1,720 kali ndi mawa angati?

Anatenga foni n'kuimba nambala imene sankaikonda.

"Asewere, pezani galimoto. Ndikubwera."

"Kwagwanji?"

"Munanena zoona. Mwanayo akufota."

Kenako mayi Efelo anati, "Tausi sandimvera ine. Akumvera sikelo yanu."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikubwera nayo ina."

Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, monga mwa masiku onse. A Mukhtar sanadikire. Anapempha makala a moto a mu simbi ya telala, n'kuikapo chitsulo chawo chakale chowotcherera, chimene anawasiyira bambo awo. Podikira kuti chifiire anadula njira yochokera ku batire ndi kampeni. Kenako anatenga kawaya kosafika kutalika kwa chala, n'kulumikiza mwendo wa muyeso wa kachipu pamalo omwewo pamene lodiselo imadyera. Tsopano ziwirizo zinali pa chingwe chimodzi, magetsi akatsika zitsikire limodzi, akakwera zikwerere limodzi. Zinali m'mapepala aja a ku City Centre, tsamba lachisanu ndi chiwiri, anaziwerengapo ndi maso awo omwewa.

Anaikonzanso sikeloyo ndi mwala, n'kuyesa ndi batire lofookalo. 2,000. Anaikamo batire lodzaza. 2,000. Anabwezeramo lofooka, kuchotsa mwala, kuubwezera, katatu konse, chifukwa tsopano sankadzikhulupirira. Atatero anakulunga sikelo m'chitenje, mwala m'chikwama, n'kutseka shopu. Pamene ankatuluka, kuitana kwa swala ya Ijumaa, pemphero lalikulu la Lachisanu, kunayamba, ndipo msewu unadzaza amuna a mikanjo yoyera olowera ku mzikiti. A Mukhtar, amene sanajombepo Ijumaa chimwalirire akazi awo, ankapita kwina, akuwombana mapewa ndi anzawo. Wina anawaitana dzina, iwo osacheuka. Minibasi anaiona kuti ichedwa kudzaza, anakwera njinga yamoto, chinthu chimene ankalumbira kuti sadzakwera.

Anapeza galimoto itaima kale pageti. Mayi Efelo anawatsogolera mpaka pakhomo la chipinda, iwo n'kuima pamenepo, maso pansi.

"Tausi, mwana wanga, konzeka. Tikupita kuchipatala."

"Ababa, inunso?" Mawu anachokera m'kati, otopa. "M'mawa uno yalemba 1,960. Ndakutumizirani."

"Sikelo imeneyo ikunama."

"Ndi yanu, Ababa. Munapanga ndinu."

"Ndi yanga, ndipo ikunama."

"Iyayi. Amayi akuuzani zoti munene. Ine sindipita."

A Mukhtar anatulutsa mwala m'chikwama. Sanapemphe kanthu, anangoutambasulira kwa mayi Efelo. Mayiwo anaulandira ndi manja awiri, osafunsa za sipiriti, n'kulowa nawo pamodzi ndi sikelo yatsopano, chitseko n'kuchisiya chotsegula.

"Werenga chimene chalembedwa pa mwalawo," anatero a Mukhtar ali pakhomo.

"Makilo awiri."

"Asewere, ikani pa sikelo yakaleyo. Tausi, yalemba bwanji?"

Tausi anawerenga. "2,275."

"Tsopano pa yatsopanoyo."

"2,000."

"Ika mwana."

Anamva nsalu zikumasulidwa, ndi kakulira kochepa ngati ka mwana wa mphaka, kamene sikanapitirire n'komwe. Amene anawerenga nambala anali mayi Efelo, ndi mawu awo a mu ofesi aja, koma osweka.

"1,720."

"Mayo ine!" Tausi analira mokweza. "Ababa, munati nambala sinama! Munati ndisapite!"

"Ndinatero," anayankha a Mukhtar. "Ndinalakwitsa waya mmodzi, ndipo apongozi ako atandiuza zoona ndinawaseka. Udzandikalipira bwino tikafika. Panopa nyamuka."

Tausi anayamba kulongedza akulira, manja osagwira kanthu, botolo kugwa, buku la kuchipatala kusowa. Mayi Efelo anafuna kumuthandiza koma anali atanyamula mwana. Anayang'ana uku ndi uku, kenako anabwera pakhomo.

"Gwirani, asewere."

"Ine? Ndachokera kumsika, manja anga..."

"Gwirani!"

Anamulandira. Aka kanali koyamba. M'kabulangete monse muja munali ngati mulibe munthu, ndipo dzanja lawo, limene linali litangosiya mwala wa makilo awiri, linadziwa lokha kuti mdzukulu wawo sakufikapo. Kankhope kanali kokwinyika ngati ka nkhalamba, maso otseka, kakamwa kouma. Anamuyandikiza pachifuwa, mkati mwa jekete, n'kuyamba kunong'ona mapemphero onse amene anawakumbukira.

Kuchipatala namwino wamkulu anangomuona mwanayo kamodzi n'kusiya zonse zimene ankachita. Anamuyeza, kumugwira pamimba, kuitana mnzake kuti abweretse kapaipi kodyetsera pamphuno. Kenako anatsegula buku n'kuona tsiku limene analembamo, ndipo nkhope yake inasintha.

"Munayenera kubwera Lolemba. Lero ndi Lachisanu. Mwana wosakwana masiku mumakhala naye kunyumba chonchi? Anakuuzani ndani kuti musabwere?"

Tausi anaweramitsa mutu. Mayi Efelo anali ndi yankho lonse pakamwa, ndipo palibe akanawadzudzula akanalinena, koma anangoyang'ana kukhoma. Amayi ena a pabenchi anasiya zokamba zawo n'kutchera khutu.

"Ndine," anatero a Mukhtar, ataimirira pakhomo la wodi, chipewa chili m'manja. "Ndine agogo ake. Mayi ake ndi agogo ake aakaziwa musawakalipire. Ndinapanga sikelo yolakwika, ndipo ndinawaletsa kubwera."

Namwinoyo anawayang'ana kuyambira ku ndevu mpaka ku nsapato, ndipo sanawanyengerere. Anawauza mawu amene munthu wa zaka zawo samayembekezera kumva kwa mwana wamng'ono ngati ameneyo, pamaso pa anthu. Iwo anaima chilili mpaka anamaliza. Atatha anawauza kuti amuna salowa, akadikire panja.

Anakhala pa benchi ya simenti, dzuwa likupendeka, mphepo ya Juni ikulowa m'mafupa. Anthu ankadutsa ndi mabeseni ndi mafulasiki. Patapita maola awiri mayi Efelo anatuluka n'kukhala kumapeto kwa benchi yomweyo.

"Amuika kapaipi, mkaka ukulowa," anatero. "Akuti sankatha kukoka bere, ankangotopa n'kugona. Akuti tikanachedwa masiku ena awiri bwenzi tikunena zina. Koma akuti achira."

A Mukhtar anaphimba nkhope ndi chipewa. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mayi Efelo anayang'ana kumbali kuti awapatse mpata.

"Sikelo yawo yalemba 1,715," anawonjezera mayiwo patapita nthawi. "Yanu yatsopano ija yangophonya ndi magalamu asanu. Ndati mwina mungafune kudziwa."

Anapukuta m'maso ndi chipewa chomwecho, n'kupukusa mutu.

"Tausi akuti chiyani?"

"Sakufuna kukuonani panopa."

"Ali ndi chifukwa." Anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira. "Mawa ndibwera m'mawa, ndidzakhala pompano. Nkuja ndibweranso, mpaka tsiku limene adzatuluke. Inu muzingotuluka n'kundiuza nambala, asewere. Ya sikelo yawo."